Ngongole ya Mwendo

"Mwendo wa abambo ako uli kuti?"

Ndinamufunsa asanatsike n'komwe pa kabaza. Gibson, mwana wanga woyamba, anali ndi kachikwama kamodzi kumsana, kakang'ono koti simungalowe ngakhale phazi. Ine ndinali pakhonde, ndikusankha mbatata ya kachewere yokagulitsa kumsewu, zala zitauma gwa ndi chisanu cha mwezi wa Juni. Kuno ku Bembeke chifunga chikatsika, munthu umamuzindikira ndi kayendedwe, nkhope imabwera pambuyo. Kayendedwe ka Gibson tsiku limenelo kanali ka munthu wobwera chimanjamanja.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera ndi mwamuna wa mwendo umodzi. Ndakufunsa funso."

Anthu amati ndili ndi pakamwa. Azinena. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma ngongole ndimaidziwa, ndipo mnyamatayu anali ndi ngongole ya mwendo. Sindikuphiphiritsa ayi. Ali kamnyamata, ndiye anali pa ngolo tsiku lomwe inagubuduka pa chitsetse cha kumunda kwathu. Abambo ake, a Gerevazio, anamuuza kuti ng'ombe atsike nazo pang'onopang'ono poti kunali matope. Iye anafuna kuonetsa atsikana ochokera kumadzi kuti chikwapu amachidziwa. Ngolo yodzaza matumba inagwera abambo ake amene ankayenda cham'mbali, ndipo kuchipatala anadula mwendo wamanzere, m'munsi mwa bondo.

Amuna anga sanamunenepo mwanayo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinanena. Ndinati, "Wautenga ndiwe, udzaubweza ndiwe." Ndipo anamva. Atamaliza Fomu 4 sanafune uphunzitsi, sanafune upolisi. Anakalowa ntchito ku Lilongwe, pamalo pamene amapanga miyendo ndi manja a anthu odulidwa. Anayamba ndi kusesa, mpaka anadzagwira zida. Koma kumudzi ankangobwera mwa apo ndi apo, pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, n'kugona tsiku limodzi. Ankati ntchito. Ine ndinkaona kuti chimene chinkamuthawitsa ndi kulira kwa thabwa pa simenti abambo ake akamayenda m'nyumba.

Zaka zonsezo a Gerevazio ankayendera mwendo umene anawasemera a Petulo, kalipentala wa pamudzi pano: thabwa la bulugamu, malamba a tayala, kunsi kopanda phazi. Unali wolimba, sindinama, koma kulemera kwake ngati mtondo. Ali ndi mphamvu ankaukoka. Atakula, mtima utayamba kuwavuta, kuchoka pakhonde kufika pankhokwe linali ulendo wopumira panjira. Munthu amene kale akaponda ngoma, chishango m'manja, nthaka inkachita kuyankha, tsopano ankangokhala pampando n'kumawerenga nkhuku. Achipatala anawauzapo kuti akalembetse alandire mwendo wina. Anakana. "Wanga adzandipangira Gibson," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu lililonse ankapukuta nsapato zawo zakutchalitchi, zonse ziwiri. Yakumanja inali itasokedwa ndi kusokedwanso. Yakumanzere inali yatsopano ngati yochokera m'sitolo dzulo.

Pa Pasaka chaka chimenecho Gibson anali atabwera ndi ufa wa chikhakha, n'kuumba chikombole pa chitsa cha mwendo wa abambo ake. Analonjeza kuti chisanu chisanafike mwendo ukhala utatha. Ndiye chisanu n'chimenechi, ndipo iye anali ataimirira pabwalo langa ndi kachikwama ka zovala.

"Mayi a Gibson," anaitana amuna anga m'nyumba, "mlekeni mwana ayambe wamwa tiyi."

"Tiyi amwa akayankha."

Gibson anakhala pa thumba la mbatata, manja pakati pa mawondo. "Zonse zatha, amayi. Kapu yolowetsamo chitsa ndaumba, phazi lilipo. Chatsala n'chodzaza pakati pake. Pali ufa wina woyera umene timasakaniza ndi utomoni. Kanjere kalikonse ndi kampira ka pulasitiki, kakang'ono koti maso sangakaone pakokha, ndipo m'kati mwake muli mpweya wokhawokha. Ukauthira mu utomoni, phala lake limachuluka, limadzaza malo aakulu, koma osalemera. Umachokera kunja. Katundu wathu wachedwa."

"Wati m'kati muli chiyani?"

"Mpweya."

"Ndiye kuti mulibe kanthu."

"Mulibe kanthu, eya."

"Ine ndikagulitsa mbatata yamphako amandiponyera kumaso. Inu mumachita kuitanitsa kunja, n'kumaidikira miyezi?"

M'nyumba muja a Gerevazio anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Tinadikira mpaka chitaleka.

"Thira utuchi," ndinatero. "Thira phulusa. Kwa a Petulo utuchi amangotaya."

"Ulemera, amayi. Tikhala tawapangira mtondo wachiwiri. Mtima wawo sungaunyamule."

"Ufawo watheratu? Ndi pansi pomwe?"

Anayamba wayang'ana zala zake. Ine ndakhala pamsewu nthawi yaitali. Munthu akayang'ana zala asanayankhe, ndiye kuti katundu alipo, wangobisidwa kuseri.

"Watsala pang'ono pansi pa ndowa," anatero. "Wokwana mwendo umodzi. Koma uli ndi mwini wake."

Ndinamupatsa tiyi wake. Chinthu chokhala ndi mwini chimakambidwa.

Sabata yotsatira ndinasankha mbatata zikuluzikulu zokhazokha, zopanda bala, zija ndimasungira anthu a magalimoto awoawo. Ndinadzaza thumba, ndinasoka pakamwa, ndinakwera minibasi. Amuna anga ndinawauza kuti ndikukaona msika wa m'tauni.

Malo a ntchito a Gibson ndinawamva ndi mphuno ndisanawaone. Fungo la utomoni limaboola ngati la petulo wosakaniza ndi guluu. M'kati munali miyendo yopachikidwa, miyendo yotsamira khoma, ina ya akulu, ina ya ana, yonse yopanda eni, ngati anthu avula n'kuthawa. Gibson anali patebulo, kansalu katamuphimba mphuno ndi pakamwa. Atandiona ndi thumba pamutu, maso ake anatsika pansi.

"Ndionetse ufawo," ndinatero.

Anatsegula ndowa pang'onopang'ono. "Musaweramire pafupi, umauluka, ulowa m'chifuwa."

Ndinalowetsa dzanja asanandiletse. Ndagwirapo ufa wa mtundu uliwonse, woyera, mgaiwa, wa chinangwa, feteleza, simenti. Uwu sunali ngati uliwonse. Dzanja linangopita pansi osakumana ndi kanthu. Ndikati ndifumbate, unkatuluka m'mipata ya zala ngati madzi, koma dzanja louma. Ndinagwedeza ndowa, iwo n'kumayenda uku ndi uku ngati mkaka. Ndinanyamula ndowa yonse ndi chala chimodzi. Mumtima ndinati: zoona, ichi n'chimene a Gerevazio akufuna.

Pashelufu panali kapu ya amuna anga, ndinaizindikira ndi kupindika kwake, ndipo pambali pake panali phazi. Pakati pake panalibe kanthu.

"Mwini wake ndani?"

Gibson analoza ndi mutu. Pabenchi panali mayi wina wamng'ono, woonda, chitenje chofwifwa, ndi kamtsikana kamene mano akutsogolo anali atagweluka. Dzina lake Miracle. Kanabadwa mwendo umodzi utalekeza m'munsi mwa bondo, ndipo kankadumphadumpha ndi ndodo kuzungulira benchiyo ngati mpheta. Anali atachokera kutali, cha ku Dowa, ndipo anali pamzere kuyambira nyengo ya mvula.

Ndinatula thumba pamapazi a mayiyo, ndinamasula pakamwa kuti aone yekha.

"Mwaswera bwanji, achemwali? Mbatata iyi ndi ya ku Dedza. Gwirani, musaope."

Anagwira imodzi, n'kuitembenuza.

"Ndikuuzani mwachidule, ine sindidziwa kuzungulira. Ufa uli umu ndi wa mwendo umodzi. Amuna anga ndi okalamba, mtima ukuwathera. Mwana wanuyu ali ndi zaka zambirimbiri kutsogolo. Katundu wina akubwera, mwezi umodzi kapena iwiri. Inu dikirani, tengani thumbali. Mukadzabweranso, lina likudikirani."

"Amayi," anatero Gibson, "pano si pamsewu."

"Ndikulankhula ndi mnzanga. Iwe gwira ntchito yako."

Mayiyo anayang'ana mwana wake, anayang'ana thumba. Ndinaona mmero wake ukuyenda. Njala ndimaidziwa ikakhala pa munthu, ndipo ndinadziwa kuti malonda atsala pang'ono kutheka.

"Sukulu akutsegulira mu Seputembala," anatero motsitsa mawu. "Ndi ndodo sangafike, n'kutali. Koma mwina ngati katunduyo sachedwa…"

"Sachedwa. Ndiwonjezera nyemba."

"Agogo," kanatero kamtsikana kaja, katatsamira ndodo patsogolo panga, "mwendo wanga ukhala ndi zala. Amalume andionetsa. Zisanu."

Sindinakayang'ane. Pa malonda suyang'ana mbuzi m'maso.

Kumbuyo kwanga ndinamva kamtengo kakugunda m'mbale. Nditacheuka, Gibson anali atathira utomoni m'mbale ya pulasitiki, atadonthezamo mankhwala ake oumitsa, ndipo ankapendeketsa ndowa ija. Ufa unatsika ngati utsi wobwerera pansi. Anagogoda kunsi kwa ndowa kuti wotsalira ugwe, n'kuyamba kutakasa.

"Ukutani?"

"Utomoni ukalandira mankhwala sudikira munthu, amayi. Ndikachedwa uuma m'mbale momwemu, ndiye sakhala wa abambo, sakhala wa mwanayu."

Phala lija linafufuma, linayera, linakhala ngati la ana. Anatenga kakapu kakang'ono ndi kaphazi kake, zomangidwa kale pa chitsulo, n'kuyamba kumata pakati pake. Ankamata, ankasalaza, ndipo pamaso panga panaphuka katumba ka mwendo wa mwana.

Ndinaima pafupi naye kuti mayi uja asamve zonse.

"Kawiri tsopano," ndinatero. "Mwendo wa abambo ako wautenga kawiri."

Kansalu kaja kanali katanyowa m'munsi mwa maso, koma kamtengo sikanaime.

Thumba langa ndinalisokanso. Ndinamusiyira mayiyo mulu umodzi pachitenje, poti anali ataigwira kale, zotsalazo ndinakagulitsa pageti.

Kunyumba sindinabise. Ndinawauza amuna anga zonse, ndi mawu anga omwe. Anamvetsera atatsinzina, dzuwa lili pamawondo.

"Kali ndi msinkhu wanji kamwanako?"

"Mano akutsogolo agweluka kumene."

"Ndiye kadzauponda nthawi yaitali." Anamwetulira. "Wati anathira inu muli pakati pa malonda? Palibe munthu ku Bembeke kuno anakudulanipo pakamwa, mayi a Gibson. Mwanayu wakula."

"Mukuseka? Mwendo wanu wapita ku Dowa."

"Ukayende. Tandipatsirani polishi."

Anamwalira mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba. Unali m'mawa, ali pampando wawo pakhonde. Ndinapita kukamwetsa mbewu kudimba, pobwera ndinapeza nkhuku zikutola nyenyeswa pamapazi awo, iwo mutu uli pachifuwa.

Tsiku loika maliro kunadza anthu ambiri. Akwaya anaimba zawo, ndipo amuna a ngoma, anzawo akale, anabwera ndi zishango ndi nthenga kumutu kudzaperekeza mnzawo. Gibson ndinali nditamutumizira uthenga tsiku lomwelo la imfa, koma sanaoneke mpaka bokosi litatsala pang'ono kukhomedwa. Analowa m'nyumba ya siwa maso ali psuu, zala zili ndi zoyerayera m'zikhadabo, atakumbatira chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje. Anagwada patsogolo panga, azimayi onse akuona.

"Ufa unafika sabata yomwe ino, amayi. Uthenga unandipeza nditayamba kale kumata. Ndinati ndisabwere usanathe."

Anafunyulula. Unali mwendo, mwendo weniweni. Katumba, kakolo, zala zisanu, khungu lakuda bwino ngati la mwini wake. Mayi wina kumbuyo anayamba kulira mokweza.

A Benedict, mng'ono wa amuna anga, amene ankayendetsa mwambo, anaweramira kwa ine. "Alamu, mwanayu wachita zamphamvu. Tiwaveke akulu, apite athunthu."

"Tabweretsa," ndinatero.

Ndinakunga mkono monga ndinkachitira ndi thabwa la a Petulo usiku ndi m'mawa zaka zonse zija. Ndinagwira, ndinakweza, ndipo mkono wanga unaulukira m'mwamba mpaka ndinatsala pang'ono kudzimenya nawo pamphumi. Zinali ngati pamene ukweza ndowa ukuyesa ndi yodzaza, koma wina anamwa kale madzi onse. Ndinauika pamiyendo panga. Sunkamveka n'komwe. Ndi uwu akanakwera chitunda cha kumunda. Ndi uwu akanafika kutchalitchi osapumira panjira. Mwinanso akanaponda kamodzi, kamodzi kokha, anzawo akuwaimbira.

"Ndabweza, amayi," anatero Gibson, mawu ali pansi.

"Wabweza kwa ndani?"

Ndinaloza bokosi, n'kupitiriza.

"Ine ndinati ubweze kwa munthu woyenda. Awa sakuyendanso. Kumene akupitako Mulungu ali nayo miyendo yake, safuna ya mpweya."

"Alamu," anatero a Benedict, "lero si tsiku la mawu otere."

"Tsiku lake ndi liti? Khomani bokosi, alamu. Apite ndi thabwa lawo, analizolowera. Chinthu chatsopano chosapondapo pansi ine sindikwirira."

Gibson anatambasula manja kuti autenge. Ndinaukokera pachifuwa.

"Ndiye ndipite nawo?" anafunsa. "Sungakwane munthu wina aliyense. Ndinaumbira pa chitsa chawo."

"Utsala pano. Uwu ndi chikole. Ngongole ikadalipo."

"Nanga ndidzabweza bwanji, amayi?"

"Ubwere mwezi ukatha tidzakambirane."

Kumanda ndinapita nawo, nditaufungatira m'chitenje ngati khanda. Anthu ankanong'ona, ndinkawamva. Manda atakwiriridwa, amuna a ngoma anaima mzere, anakweza zishango, n'kuyamba kuponda. Nthaka inayankha monga inkachitira kale. Ine ndinali nditakhala pansi, ndipo kuponda kulikonse kunkadutsa m'thupi langa n'kufika pa mwendo uja, iwo n'kumanjanja pamiyendo panga ngati ukufuna kudzuka. Gibson anaima patali, pafupi ndi mitengo ya paini, sanalire pamaso pa anthu.

Mwezi utatha anabwera. Ndinamutuma kukonza denga la khola. Za ngongole sitinamalize kukambirana, ndinamuuza kuti abwerenso. Anabweranso, tinakumba mbatata. Mwezi winawo anandiuza, ndisanafunse, kuti kamtsikana ka ku Dowa kanabwera kudzatalikitsa mwendo, kakula, ndipo phazi lake latha kunsi ndi kuthamanga. Ndinati, "Ana a masiku ano sasamala zinthu." Tsopano amagona masiku awiri, nthawi zina atatu. Tikakhala pakhonde amafunsa, "Yatsala yochuluka bwanji, amayi?" Ine ndimati, "Yonse."

Mwendowo umaima kuseri kwa chitseko, pamene pankakhala thabwa la a Petulo. Ndinauveka nsapato ija yakumanzere. Inalowa ngati anayezera. Lamulungu ndimaipukuta. Vuto lake n'limodzi: kuno mphepo siipempha polowa, ndipo ikangokankha chitseko, mwendowo umagwa. Unagwa kangapo, mpaka ndinakatola mwala pa chitsetse cha kumunda, pomwe ngolo inagubudukira, n'kuuponya m'kapu muja. Tsopano umaima nji.

Gibson akafika, asanavule n'komwe chikwama, amapita kuseri kwa chitseko. Amachotsa mwalawo, amauika pawindo, amanyamula mwendo ndi zala ziwiri ngati akuyesa ngati ukadali momwe anausiyira. Tsiku lobwerera ndimamuperekeza mpaka pamene amakwerera kabaza, ndimaima mpaka chifunga chitamumeza. Ndikalowa m'nyumba, ndimatenga mwala uja pawindo, n'kuubwezera.